Kaputeni Cook wa ku Yarralin: mbiri ya Aaborijini imene Deborah Bird Rose anajambula

Kaputeni James Cook sanapondeko ku mtsinje wa Victoria, kumpoto kwa Australia. Zolembedwa za maulendo ake zilipo ndipo sizikayikitsa. Mu 1770 anayenda ndi sitima yake ya Endeavour m'mbali mwa gombe la kum'mawa, nalengeza kuti dera lonselo ndi la mfumu ya ku Britain, ndipo mu 1779 anaphedwa ku Hawaii. Azungu anakakhazikika ku Victoria River patapita zaka zoposa 100 chichokereni iye. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mkulu wina wa mtundu wa Mudburra, a Hobbles Danayarri, anakhala pansi ndi mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, makina ojambulira mawu ali pakati pawo, nafotokoza mwatsatanetsatane mmene Kaputeni Cook anafikira kwawoko, mmene anaombera anthu ndi mmene analandira dziko. Mayiyo, a Deborah Bird Rose, sanawadule mawu kuti awakonze. Anajambula zonse, anazilemba, ndipo mu 1984 anazisindikiza ngati maganizo ozama a munthu wodziwa malamulo ndi chilungamo.

Kodi a Hobbles analakwitsa? Yankho la funso limeneli ndi limene limasonyeza kuti ntchito yojambula mbiri ya moyo wa Aaborijini, anthu oyamba kukhala ku Australia, ndi yotani, ndiponso chifukwa chimene yakhala ikuutsira mikangano ku Australia, m'masukulu a ukachenjede ngakhale m'makhoti.

Aaborijini akhala m'dzikolo kwa zaka zosachepera 50,000, ndipo pamene azungu ankayamba kukhazikika ku Sydney mu 1788 kunali zilankhulo pafupifupi 250. Dera la Victoria River, lomwe lili m'chigawo cha Northern Territory, linalowereredwa mochedwa. Mu 1883 ndi pamene ng'ombe zinayamba kufika pa mafamu akuluakulu a Victoria River Downs ndi Wave Hill. Tikamati famu musaganize za munda wa maekala angapo: famu imodzi inkatenga dera lalikulu kuposa maboma angapo a kwathu kuno ataphatikizidwa. Panalibe pangano lililonse ndi eni nthaka. Ng'ombe zinawononga zitsime ndi zomera zimene anthu ankadalira, anthu akabaya ng'ombe kuti adye ankasakidwa ndi mfuti, ndipo matenda achilendo anamaliza ambiri mwa otsala. Mitundu ina, monga Karangpurru, inatsala pang'ono kutheratu. Amene anapulumuka anakakhala m'misasa pafupi ndi nyumba za eni mafamu, kumene ankagwira ntchito yoweta ng'ombe, yothyola akavalo osaphunzitsidwa, yokumba zitsime ndi yam'nyumba. Malipiro awo kwa zaka zambiri anali ufa wa tirigu, tiyi, shuga, fodya, zovala ndi nyama yotsala. Amene anamvapo za thangata pa maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje sangavutike kumvetsa: munthu ankagwirira ntchito mlendo kuti aloledwe kukhala pa nthaka ya makolo ake.

Zonsezi zinkadziwika kwa amene anazichita ndi amene anachitiridwa, koma m'mabuku a mbiri ya dziko munalibemo. Mu 1968 katswiri wina wa za chikhalidwe, a W. E. H. Stanner, polankhula pa wailesi ya dziko lonse anadzudzula olemba mbiri kuti anasandutsa kuiwala kukhala mwambo wa fuko, ndipo anati kukhala chete kumeneku sikunali kwangozi. A Stanner omwewo anali atalemba kale za moyo wa munthu mmodzi, Durmugam wa ku Daly River, amene anakumana naye koyamba mu 1932. Nkhaniyo inali yachilendo pa nthawi yake chifukwa inaonetsa Mwaaborijini ngati munthu wokhala ndi dzina, mkwiyo, chikhulupiriro ndi zokhumudwitsa zake. Ofufuza ambiri a nthawiyo ankafuna miyambo, mayina a ubale ndi magule, poganiza kuti anthuwo akutha ndipo m'pofunika kutola zotsala msanga. Zimene munthu anaona ndi maso ake pa famu sankaziyesa nkhani yofunika kulemba.

Ndipo ngakhale atalemba, sizinkatuluka msanga. Pakati pa 1944 ndi 1946 a Ronald ndi a Catherine Berndt anatumidwa kukafufuza za antchito pa mafamu a kampani ya Vestey ya ku Britain, yomwe inali mwini wa Wave Hill. Kampaniyo inkafuna kudziwa chifukwa chimene antchito ankachepera. Banjali linapeza njala, madzi oipa, ana ochepa obadwa ndi ambiri omwalira. Buku lofotokoza zimenezi linadzatuluka mu 1987, patapita zaka zoposa 40. Apa m'pamene pali chilonda cha ntchito imeneyi: wofufuza nthawi zambiri ankafika pa galimoto ya mwini famu kapena ndi chilolezo cha boma, ndipo anthu ankadziwa bwino kuti iye adzachoka, iwo n'kutsala ndi bwana yemweyo.

Pamene a Rose, omwe anabadwira ku America, ankafika ku Yarralin, mudzi wa Aaborijini wa m'dera la Victoria River, mu 1980, zinthu zinali zitasinthako, ndipo anazisintha ndi Aaborijini eni ake. Pa 23 August 1966 a Vincent Lingiari anatsogolera anthu pafupifupi 200 a mtundu wa Gurindji kunyanyala ntchito pa Wave Hill. Ambiri ankayesa kuti nkhani ndi ya malipiro, popeza bwalo loona za ntchito linali litagamula chaka chomwecho kuti Aaborijini azilandira mofanana ndi azungu koma kuyambira mu December 1968. Posakhalitsa zinaoneka kuti chimene ankafuna ndi nthaka. Anakamanga mudzi ku Daguragu, nakhala kumeneko osabwerera m'mbuyo mpaka mu August 1975, pamene nduna yaikulu a Gough Whitlam anathira dothi m'dzanja la a Lingiari. Anthu a ku Victoria River Downs nawonso anatuluka pa famu mu 1972, ndipo mudzi wa Yarralin unabadwa kuchokera m'kunyanyala kumeneku. Choncho akuluakulu amene a Rose anawapeza sanali anthu oyembekezera kuti wina awayankhulire. Anali atalimbana kale ndi makampani aakulu, ndipo ankafuna kuti nkhani yawo ikafike ku Canberra, likulu la dzikolo, ndi kutsidya kwa nyanja. A Rose anakhala nawo pafupifupi zaka ziwiri ulendo woyambawo, napitiriza kubwererako kwa zaka zambiri. Anthu monga a Riley Young Winpilin, a Daly Pulkara ndi mayi Jessie Wirrpa ankawatchula kuti aphunzitsi awo. Mbiri zimene anajambula zinatuluka mu 1991 m'buku lotchedwa Hidden Histories.

Kujambula kotere si kungotsegula tepi. Kwa anthu a kuderali nkhani ili ndi mwini wake, ndipo imamangirizidwa ku malo. Munthu amafotokoza za dziko la bambo ake kapena la amayi ake. Akafika pamalire amaima, n'kunena kuti zakutsogoloko mukafunse uje. Amasiyanitsanso zimene anaona yekha, zimene anauzidwa ndi bambo ake, ndi zimene anangomva. Pali nkhani za amuna okha ndi za akazi okha, zomwe siziyenera kulowa m'buku. Munthu akamwalira dzina lake silitchulidwa kwa nthawi, ndipo n'chifukwa chake mawailesi ndi mabuku a ku Australia amayamba ndi chenjezo akakhala ndi mawu kapena zithunzi za omwalira. Wofufuza amene sadziwa zonsezi angathe kubwerako ndi matepi odzaza koma atakhumudwitsa mudzi wonse.

Kenako pamabwera vuto la chilankhulo. Akuluakulu ambiri ankalankhula ndi mlendo m'Chingerezi cha pa mafamu, chosakanikirana ndi mawu ndi kalankhulidwe ka zilankhulo zawo. Ukachisiya mmene chilili, owerenga ena amachiona ngati Chingerezi chothyoka ndipo amapeputsa wolankhulayo. Ukachikonza kuti chisalale, wachotsa liwu la mwini wake n'kuikapo lako. A Rose kawirikawiri ankasunga mawu a olankhulawo mmene anatulukira, n'kuika pambali pake mafotokozedwe awo ndi zimene anapeza m'mafayilo a boma, m'mabuku a apolisi ndi m'zolemba za azungu oyamba. Komabe wosankha chimene chilowe ndi chimene chitsale anali iwo, ndipo dzina la pachikuto linali lawo. Palibe njira yozembera zimenezi. Chimene wofufuza woona mtima angachite ndi kuonetsa poyera pamene pathera mawu a mwini nkhani ndi pamene payambira ake.

Tibwerere kwa a Hobbles. Anabadwa cha m'ma 1925 pa Wave Hill, ndipo moyo wawo wonse wauchinyamata unathera pa ntchito ya ng'ombe. Pofotokoza za chiyambi chawo sankayambira pa tsiku lobadwa: ankati asanakhale munthu anali nsomba ya mtundu wa barramundi imene bambo awo anaibaya ndi mkondo. Ichi chokha chikusonyeza kuti mbiri ya moyo kwa iwo sinkayenda mu mzere umene fomu ya boma imafuna.

M'nkhani yawo, Kaputeni Cook anachokera ku England, nafika ku Sydney, napeza anthu ali pamalo pawo. Apa a Hobbles ankakhazikikapo kwambiri. Cook sanapereke moni. Sanafunse kuti mwini wa malo ano ndani. Akanafunsa, akanauzidwa, ndipo akanamva kuti dzikolo lili ndi eni ake. M'malo mwake anaombera anthu, natenga malowo, napita kwina kukachita zomwezo, mpaka anafika ku Darwin ndi ku Victoria River. Kulikonse kumene ankapita ankasiya lamulo lake, lolembedwa m'buku, ndipo onse obwera pambuyo pake, eni mafamu, apolisi, akuluakulu a boma oyang'anira Aaborijini, ankatsatira buku lomwelo: kulanda malo, kupha, kugwiritsa anthu ntchito popanda malipiro, kutenga akazi. Akuluakulu a ku Yarralin ankakondanso kunena kuti lamulo la azungu limasintha nthawi ndi nthawi chifukwa lili papepala, pamene lawo ndi limodzi lomwelo chifukwa lili m'nthaka.

A Rose anaona kuti a Hobbles sanasokoneze zaka ayi. Ankachita zimene katswiri aliyense wa mbiri amachita, kufunafuna chimene chimalumikiza zochitika zambirimbiri. Mzungu amene anaombera agogo awo, mzungu amene anawalipira ufa, ndi mzungu amene anabwera ndi galimoto ya boma kudzatenga ana a khungu loyererako anali anthu osiyana, a nthawi zosiyana, mwina osadziwana n'komwe. Koma onse ankayenda pa maziko amodzi, akuti dzikolo linalibe mwini ndipo Mwaaborijini safunika kufunsidwa. Maziko amenewo a Hobbles anawapatsa dzina la munthu amene azungu eni ake ankamutamanda kuti ndiye anatulukira Australia, amene chithunzi chake chinali m'mabuku a sukulu ndi pa zipilala. M'lingaliro limeneli Cook anafikadi ku Victoria River, pakuti chimene analengeza mu 1770 ndicho chinatsegula njira ya ulamuliro wa Britain umene pambuyo pake unapatsa mphamvu boma kubwereketsa dera la Amudburra kwa makampani a ng'ombe. Ine ndimaona kuti uku ndi kuganiza kwakuya kuposa kwa mabuku ambiri a sukulu a nthawi imeneyo, amene zaka ankazilemba molondola koma osatchula n'komwe kuti panafa anthu. Ndipo mu June 1992 khoti lalikulu la Australia, pa mlandu wa Mabo, linakana mfundo yakuti dzikolo linalibe mwini pamene azungu ankafika. Oweruza anafika pamene a Hobbles anali atafika kale zaka khumi m'mbuyomo.

Chinanso chimene anthu amachiphonya ndi chakuti nkhaniyi sinali yodana ndi khungu loyera. A Hobbles ankalekanitsa munthu ndi lamulo limene akutsatira. Ankakumbukira a mabungwe a antchito amene anathandiza pa nthawi ya kunyanyala, ndipo ankanena kuti nthawi ya Kaputeni Cook iyenera kutha kuti anthu a mitundu yonse akhale pa ubwenzi. Ku Yarralin kunalinso nkhani za Ned Kelly, chigawenga chotchuka chimene chinanyongedwa ku Melbourne mu 1880 ndipo nachonso sichinafikeko kumpotoko. M'nkhani zawo Kelly ndi mzungu wa mbali ya chilungamo, wotsutsana ndi apolisi ndi olanda malo. Anthu amene anaona nkhanza zochuluka chotere anasungabe malo m'mbiri yawo a mzungu wolungama, ndipo zimenezi zimandikhudza kuposa china chilichonse m'nkhani yonseyi.

Otsutsa ali ndi funso lomveka, ndipo siliyenera kunyozedwa. Ngati munthu akunena kuti Cook anafika kumene sanafike, tingamukhulupirire bwanji akamati pa chigwa chakutichakuti anaphedwapo anthu? Mkangano umenewu unakula kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene olemba ena, makamaka a Keith Windschuttle, ankati chiwerengero cha ophedwa chinakokomezedwa ndipo umboni wodalirika ndi wolembedwa wokha. Yankho loyamba ndi lakuti nkhani zapakamwa si za mtundu umodzi. Pali nkhani yomasulira tanthauzo la zimene zinachitika, ngati ya Cook, ndipo pali umboni wa malo, mayina ndi achibale, umene ofotokozawo amausamala kwambiri chifukwa ena odziwa amakhala akumvetsera ndipo amawongola. Kuzisakaniza ziwirizi ndi kulephera kwa womvera.

Yankho lachiwiri ndi kufunsa kuti analemba zolembedwazo ndani. Wapolisi amene anatumizidwa ku Gordon Creek, pafupi ndi pamene pali Yarralin lero, m'zaka za m'ma 1890 anali William Willshire. Iyeyu anali atazengedwa kale mlandu wopha Aaborijini mu 1891, napezeka wosalakwa, ndipo pambuyo pake analemba yekha modzitama za kuombera anthu. Mu 1928 ku Coniston, kum'mwera kwa derali, gulu lotsogozedwa ndi wapolisi George Murray linavomereza kuti linapha anthu 31, ndipo bungwe lofufuza la boma linati kuphako kunali koyenera. Aaborijini a kumeneko amati ophedwa anali ochuluka kuposa pamenepo. Fayilo ya boma, tsono, nayonso ndi nkhani ya munthu amene anali ndi zifukwa zake zonenera ndi zobisira. Ofufuza a pa yunivesite ya Newcastle, motsogozedwa ndi mayi Lyndall Ryan, atasanthula umboni wa mitundu yosiyanasiyana anapeza malo oposa 400 m'dziko lonselo pamene anthu asanu ndi mmodzi kapena kuposerapo anaphedwa pa nthawi imodzi, ndipo chigawo cha Northern Territory chili ndi malo ambiri pa mapu awo.

Nkhaniyi simathera m'mabuku, chifukwa mawu a akuluakuluwa anasanduka umboni wa milandu ya malo. Lamulo la 1976 la ufulu wa Aaborijini pa nthaka ku Northern Territory linalola anthu kupempha malo a makolo awo, koma anayenera kuonetsa pamaso pa woweruza kuti ndi mbadwa za malowo ndipo ali ndi udindo wauzimu wowasamala. Mwadzidzidzi zimene agogo ankadziwa, kumene anabadwira, nyimbo ya chitsime chakuti, njira imene makolo oyamba anadutsa polenga dziko, zinakhala zinthu zoweruzira mlandu. Akatswiri a za chikhalidwe, kuphatikizapo a Rose, ankalemba mibadwo ya mabanja, kujambula mapu ndi kufotokozera oweruza. Lero pafupifupi theka la chigawocho ndi nthaka ya Aaborijini pansi pa lamulo limeneli. Koma dongosololi lili ndi nkhanza yake: amene anavulazidwa kwambiri, amene anachotsedwa pamalo pawo kalekale kapena kulandidwa ali ana, ndi amene amavutika kwambiri kuonetsa kuti sanalekane ndi nthaka yawo. Kum'mwera kwa dzikolo, pa mlandu wa mtundu wa Yorta Yorta mu 1998, woweruza anadalira kwambiri zimene analemba mzungu wina woweta nkhosa wa m'zaka za m'ma 1800, Edward Curr, kuposa umboni wapakamwa wa anthu amoyo, nagamula kuti ufulu wawo pa nthaka unakokoloka kale. Khoti lalikulu linagwirizana ndi chigamulocho mu 2002. Munthu amene analanda malo anakhala mboni yodalirika pa za miyambo ya amene anawalanda.

Masiku ano Aaborijini ambiri amalemba ndi kujambula mbiri zawo okha, ndipo amafunsa mafunso amene ofufuza akale sankafunsidwa: tepiyi ndi ya yani, isungidwa kuti, adzaloledwa kuimvera ndani, ndipo phindu la bukuli lipita kwa yani? Bungwe la AIATSIS ku Canberra, loona za kafukufuku wa chikhalidwe ndi mbiri ya Aaborijini, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, limasunga zojambulidwa zambiri zotere, ndipo malamulo ake a kafukufuku amafuna kuti eni nkhani avomereze ndi kukhala ndi ulamuliro pa zimene zatengedwa kwa iwo. Matepi ena akubwezedwa kumidzi, kumene zidzukulu zimamvamo liwu la agogo awo, nthawi zina m'chilankhulo chimene chatsala ndi olankhula owerengeka. Pali amene amati mlendo alibenso malo m'ntchito imeneyi. Ndimamvetsa kumene maganizowa akuchokera, koma ku Yarralin akuluakulu ndiwo anasankha kulankhula ndi mlendo, mwadala, chifukwa nkhani ya Cook inali yopita kwa azungu. Anthu a m'mudzimo ankaidziwa kale. Chimene a Hobbles ankafuna chinali wonyamula uthenga amene sakausungunula panjira, ndipo muyeso wabwino wa ntchito ya a Rose ndi wakuti lero tingathe kuwerenga maganizo a a Hobbles n'kutsutsana nawo kapena kugwirizana nawo monga timachitira ndi woganiza wina aliyense.

Ubale wa mitundu iwiriyi ukadali wosakhazikika. Mu 1967 anthu oposa 90 pa 100 aliwonse anavota kuti Aaborijini aziwerengedwa pa chiwerengero cha anthu a dzikolo ndi kuti boma lalikulu lizitha kupanga malamulo owakhudza. Mu February 2008 nduna yaikulu a Kevin Rudd anapepesa m'nyumba ya malamulo chifukwa cha ana amene analandidwa kwa makolo awo. Koma mu October 2023 pafupifupi 60 pa 100 aliwonse anakana ganizo loika m'malamulo aakulu a dziko bungwe loti lizilangiza boma m'malo mwa Aaborijini, ndipo mpaka pano boma lalikulu silinapange pangano lililonse ndi eni nthaka. A Hobbles Danayarri anamwalira mu 1988, chaka chimene Australia inkakondwerera zaka 200 chifikireni azungu. A Rose anamwalira mu 2018. Anthu a ku Yarralin analandira chikalata cha umwini wa malo awo mu 2016, patatha zaka 44 chitulukireni pa famu ya Victoria River Downs.